Alamu yachisanu si muyeso wa malawi: mmene ozimitsa moto a ku New York ndi London amaitanirana

Kumudzi nyumba ikayaka, mwini wake amangokuwa kuti "Moto! Moto!" ndipo aliyense amene wamva mfuuwo amatuluka, wina ndi ndowa, wina ndi nthambi yaiwisi, wina ndi khasu loti akokolere dothi. Palibe amene amawerenga anthu. Akachuluka ndiye bwino. Koma mzinda ngati New York, wa anthu oposa 8 miliyoni, sungazimitse moto mwanjira imeneyi. Magalimoto onse atati athamangire nyumba imodzi angatsekerezane mumsewu, ndipo moto wina wobuka tsidya lina la mzinda ungapeze masiteshoni ali pululu. Pamafunika munthu woti anene kuti apite ndani, atsale ndani, ndipo ayenera kutero m'masekondi ochepa, nyumba yoyakayo asanaione n'komwe.

Mukamva pa nkhani kuti ku America kwabuka moto wa "five-alarm", kutanthauza wa alamu yachisanu, kapena kuti ku London kwapita magalimoto 40, mukumva yankho la funso limenelo. Ambirife timayesa kuti nambalayo ikupima kukula kwa malawi, monga amapimira kutentha kwa thupi kuchipatala. Si choncho. Nambalayo ndi oda. Ndi mawu achidule amene mkulu woyang'anira pamalo a ngozi amaitanitsira anthu ndi zida zimene zinalembedwa kale, tsiku lina kuli bata, kulibe utsi, mitu ili m'malo.

Zinayamba ndi waya ndi belu

Mawu oti alamu yoyamba, yachiwiri, yachitatu ndi otsala a nthawi imene kunalibe foni. M'chaka cha 1852 mzinda wa Boston unaika mabokosi m'misewu olumikizidwa ndi waya wa telegalafu, nzeru ya dokotala William Channing ndi katswiri wa zamagetsi Moses Farmer. Woona moto ankathamangira pa bokosi lapafupi n'kupukusa chogwirira chake, bokosilo n'kutumiza chizindikiro chake ku ofesi yaikulu, ndipo ofesiyo inkaliza mabelu mowerenga kuti ozimitsa adziwe dera loti alowere. Mizinda ina inatengera.

Bokosi linali ndi vuto limodzi: silinkayankhula. Silinkanena ngati chikuyaka ndi chulu cha zinyalala kapena fakitale. Linkangoti kuno kuli moto. Choncho akuluakulu a ozimitsa anakhala pansi n'kulembera bokosi lililonse khadi lakelake. Pa mzere woyamba wa khadilo analembapo magulu apafupi kwambiri, oti anyamuke belu likangolira. Pa mzere wachiwiri analembapo oyandikira pambuyo pa amenewo, pa wachitatu akutali pang'ono, mpaka mzere wachisanu. Mkulu akafika pamalo n'kuona kuti oyambawo sakwanitsa, ankapita pa bokosi lomwelo n'kugogoda chizindikiro choitanira mzere wachiwiri. Imeneyo ndiyo alamu yachiwiri. Ku New York chizindikirocho chinali 2-2 kenako nambala ya bokosi, ndipo mpaka lero ndi 2-2, 3-3, 4-4 ndi 5-5. Ku Chicago amati 2-11, 3-11 mpaka 5-11.

Masiku ano makhadiwo ali mu kompyuta, koma maganizo ake sanasinthe. Mukaimba 911, nambala yoitanira thandizo pa ngozi, ku New York n'kutchula adiresi, kompyuta imapeza nambala ya bokosi la dera limenelo n'kuonetsa magulu oyenera kupita, poganizira amene ali pa siteshoni ndi amene atuluka kale. Ozimitsa akumeneko amangoti moto wa pa bokosi lakutilakuti, ngakhale palibe amene anakhudza bokosi. Ku Boston mabokosi ofiirawo akugwirabe ntchito, ndipo mu Disembala 2018, nambala ya 911 itasokonekera, munthu wina anaitana ozimitsa pogwiritsa ntchito limodzi mwa iwo.

Amapita ndani, kukachita chiyani

Kuti oda ija imveke, tiyenera kudziwa zimene zikuitanitsidwa. Kwa munthu woima m'mbali mwa msewu magalimoto ofiira onse ndi amodzi, koma ku New York alipo a mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo ntchito zawo n'zosiyana ngati za womanga ndi wofolera.

Yoyamba ndi engine, galimoto ya pampu ndi mapayipi. Anthu ake ali ndi ntchito imodzi: kufikitsa madzi pa moto. Thanki yake imanyamula malita pafupifupi 1,900, ndipo payipi imene amalowa nayo m'nyumba imatulutsa malita pafupifupi 680 pa mphindi. Werengerani nokha, madziwo amatha mphindi zitatu zisanakwane. N'chifukwa chake dalaivala akangofika amafunafuna mpopi wa pamsewu kuti alumikize pampu, anzake ali kalikiliki kukoka payipi. Kukweza payipi yodzaza madzi pa masitepe okhotakhota mpaka nsanjika yachisanu ndi ntchito yothyola msana, moti lamulo lawo limati engine yachiwiri ikafika isayambe ndi payipi yakeyake, ithandize kaye yoyamba. Payipi imodzi yofika pa moto msanga imaposa ziwiri zothera pa masitepe.

Yachiwiri ndi ladder, galimoto ya makwerero. Anthu ake sanyamula madzi ambiri. Amanyamula nkhwangwa, zitsulo zokanulira zitseko, macheka ndi zingwe. Iwo ndi amene amathyola chitseko, kukwawa mu utsi kufufuza anthu, kukwera padenga kukatsegulira utsi njira, ndi kugwetsa siling'i kuti aone ngati moto ukuyenda mobisala. Ladder yoyamba imatenga nsanjika imene ikuyaka. Yachiwiri imapita nsanjika ya pamwamba pake, malo oopsa koposa chifukwa utsi ndi kutentha zimakwera, ndipo munthu amene ali pamwamba pa moto njira yake yotsikira ikhoza kutsekeka.

Chimene ine chimandigwira mtima n'chakuti palibe amene amadikira kuuzidwa. Aliyense amadziwa ntchito yake kuyambira pamene walowa shifiti: uyu wa kumutu kwa payipi, uyu womuchirikiza kumbuyo, uyu wa padenga, uyu wa mawindo a kuseri. Gulu limadziwanso ntchito yake chifukwa cha malo ake pa mndandanda, kaya lafika loyamba kapena lachiwiri. Mkulu sayenera kufotokozera anthu 30 mmodzimmodzi ana ali pawindo.

Mzinda wonse uli ndi ma engine pafupifupi 200 ndi ma ladder oposa 140, m'masiteshoni oposa 200. Palinso magulu asanu a rescue, a akatswiri opulumutsa anthu m'malo ovuta, ndi magulu a squad amene amagwira ntchito ya engine ndi ya ladder yomwe. Akuluakulu apafupi ndi moto ndi a battalion, oyang'anira masiteshoni angapo oyandikana, ndipo pamwamba pawo pali a division, oyang'anira ma battalion angapo.

Kukwera kwake

Foni yonena za moto m'nyumba ikalowa, kawirikawiri amatumiza ma engine atatu, ma ladder awiri ndi mkulu wa battalion mmodzi. Nthawi zambiri amapeza mphika wapserera pa mbaula, ndipo ambiri amabwerera panjira. Koma woyamba kufika akaona utsi wakuda ukutuluka pawindo, amanena pa wailesi mawu awiri okha: 10-75. Pomwepo ofesi yotumiza imadzazitsa gululo kufika pa ma engine anayi ndi ma ladder atatu, n'kuwonjezera rescue, squad, mkulu wa battalion wachiwiri ndi wa division. Onsewa akagwira ntchito amati "all hands", ndipo pamakhala magalimoto pafupifupi 12 ndi anthu pafupifupi 60.

Ladder yachitatuyo ili ndi nkhani yake. Anthu ake amafika, kutsitsa zida, n'kuima panja osalowa. Woonerera akhoza kupsa nawo mtima. Koma iwo ndi gulu la FAST, loyembekezera kupulumutsa wozimitsa mnzawo akagwa, akasochera mu utsi kapena denga likamugwera. Mkulu akawatenga kuti akagwire ntchito ina, ayenera kuitanitsa ena oti aime m'malo mwawo. Lamuloli linabadwa ndi maliro, chifukwa kale wozimitsa akakodwa mkati, anzake onse ankasiya payipi kuthamangira iye, moto n'kupeza mpata.

Kuchokera apo alamu iliyonse imawonjezera ma engine anayi ndi ma ladder awiri, pamodzi ndi akuluakulu ena. Alamu yachiwiri imafikitsa ma engine 8 ndi ma ladder 5, anthu oposa 100. Yachitatu ma engine 12, yachinayi 16, yachisanu 20 ndi ma ladder 11, magalimoto oposa 40 ndi anthu pafupifupi 200. M'katimo mumalowanso magalimoto amene saponya dontho la madzi: ya mawailesi, yobweretsa masilinda a mpweya odzaza, ya madzi akumwa ndi popumulira, ndi mkulu amene ntchito yake ndi kuyang'ana khoma lofuna kugwa basi. Nyumba zazitali kwambiri zili ndi zizindikiro zawozawo, 10-76 ya maofesi ndi 10-77 ya nyumba zogona anthu, chifukwa kumeneko anthu ambiri amafunika kuyambira pachiyambi. Mkulu akangofuna chinthu chimodzi, monga makwerero okhala ndi kabokosi koimamo anthu kumapeto kwake, saliza alamu yonse, amangoitanitsa chimenecho.

Chisanu si malire. Moto umene unapsereza nyumba zakale zosungiramo katundu ku Greenpoint, ku Brooklyn mu New York momwemo, mu Meyi 2006 unafika pa maalamu 10. Ndipo nambalayi ndi ya mzinda umodzi. Alamu yachitatu ya tauni yaing'ono ikhoza kukhala yochepa kuposa 10-75 ya New York, chifukwa aliyense amalemba khadi molingana ndi zimene ali nazo.

Anthu 200 a chiyani pa nyumba imodzi

Apa ndi pamene pagona nkhani. Chimene chimatha msanga pa moto waukulu ndi anthu. Silinda ya mpweya imene wozimitsa amabereka inalembedwa kuti ndi ya mphindi 30 kapena 45, koma munthu wokwera masitepe atasenza zida zolemera ngati mwana wa sitandade 3, mtima ukugunda, amaumaliza mpweyawo nthawi imeneyo isanakwane, mwina theka lake. Ayeneranso kusiya wina woti atulukire. Akatuluka amakhala atanyowa thukuta mkati mwa zovala zosalowa mphepo, miyendo ikunjenjemera. Ndiye payipi imodzi yoti isasiye kuthira madzi kwa ola lathunthu imafuna magulu atatu: limodzi lili pa moto, lina likudikira pa masitepe, lina likupuma. Tsiku lotentha kwambiri, kapena lozizira mpaka madzi kuuma pa makwerero, mkulu amaliza alamu ina moto usanakule n'komwe, kungofuna anthu atsopano.

Pa 9 Januwale 2022, m'nyumba ya nsanjika 19 ya Twin Parks ku Bronx, chigawo china cha New York, chotenthetsera m'chipinda cha magetsi chinayatsa moto m'nyumba ya banja limodzi, m'nsanjika za m'munsi. Malawi sanapite patali, anathera m'nyumbamo ndi m'khonde lake. Koma chitseko chimene chinayenera kudzitseka chokha chinatsala chotsegula, chinanso cha pa masitepe cha nsanjika ya 15 chimodzimodzi, ndipo masitepewo anasanduka chumuni. Anthu 17 anafa ndi utsi, 8 mwa iwo ana, ambiri ochokera m'mabanja a ku Gambia. Moto umenewo unafika pa alamu yachisanu, ozimitsa pafupifupi 200. Kuzimitsa malawiwo sikunafune anthu ochuluka chotero. Chimene chinawafuna ndi zitseko za mabanja oposa 100 zoti zigogodedwe, makonde akuda bii oti akwawidwe, ndi anthu okomoka oti anyamulidwe kutsika nawo masitepe. Ena mwa ozimitsawo mpweya unawathera ali mkati ndipo anapitirizabe. Munthu woona chithunzi cha nyumbayo mawa lake, itaima bwinobwino ndi mawindo ochepa okha akuda, sakanamvetsa nambala ija.

Palinso nkhani ya nthawi. Gulu loitanidwa tsopano silifika tsopano. Liyenera kunyamuka, kudutsa m'misewu, kupeza poima, kusenza zida, kukwera. Pamene likufika pa nsanjika yoyaka papita mphindi zambiri, ndipo katundu wa m'nyumba za masiku ano, masofa a siponji ndi mapulasitiki, amatha kuyatsa chipinda chonse m'mphindi zosakwana zisanu. Mkulu wabwino amaitanitsa anthu a moto umene udzakhalepo iwo akamafika. Kubweza galimoto panjira sikuwononga kanthu koma mafuta. Ine ndikamva kuti mkulu wina anaitana ambiri n'kuwabweza osagwira ntchito, sindimuona ngati wamantha.

Alamu imabweretsanso akuluakulu, ndipo ichi anthu sachilabadira. Munthu mmodzi sangatsatire magulu 30 pa wailesi imodzi. Dongosolo loyendetsera ngozi limene linakonzedwa ku California pambuyo pa moto wa m'tchire wa 1970, ndipo pano likugwiritsidwa ntchito m'America yonse, limati mtsogoleri mmodzi aziyang'anira pakati pa atatu ndi asanu ndi awiri, makamaka asanu. Choncho moto ukakula amaugawa: mkulu wina atenge nsanjika yoyaka, wina za pamwamba, wina denga, wina nyumba yoyandikana, wina aime pamphambano kulandira magalimoto obwera n'kuwasunga mpaka atafunika. Ulamuliro wonse umakweranso, kuchoka kwa wa battalion kupita kwa wa division, mpaka kwa akuluakulu a kulikulu.

Mzinda wotsala kumbuyo

Ma engine 20 akapita pa bokosi limodzi, masiteshoni 20 oyandikana atsala opanda engine. Dera lonselo, lokhala anthu zikwi mazanamazana, lili pambalambanda. Ntchito yovuta ya otumiza magalimoto, amene palibe amawajambula, ndi kutseka dzenje limeneli. Amatenga gulu la kutali, mwina la ku chigawo cha Queens, n'kulisamutsira kwa kanthawi m'siteshoni ya ku Bronx imene yatsala yopanda anthu. Satenga awiri oyandikana, kuopa kukumba dzenje lina. Zili ngati kupatulira mbande: uzula apa ndi apo pothithikana kuti ubzale pamene pafa.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, akatswiri a masamu a New York City-RAND Institute, Peter Kolesar ndi Warren Walker, anakonza njira yoti kompyuta izilangiza gulu loti lisamuke ndi kumene lipite. Nzeru imeneyo inathandiza. Koma m'zaka zomwezo mzindawo unali pa mavuto a ndalama, ndipo mawerengero ena a bungwe lomwelo anagwiritsidwa ntchito posankha magulu oti atsekedwe. Ambiri otsekedwawo anali m'madera osauka amene moto unali wochuluka, ndipo South Bronx inapsa kwa zaka. Mpaka lero anthu amatsutsana kuti kutsekako kunachititsa gawo lalikulu bwanji la chionongekocho. Kwa ine phunziro lake n'loonekeratu pa khadi lija: ukafufuta gulu pa mzere woyamba, la pa mzere wachiwiri limakwera, ndipo limachokera kutali.

Tsiku limene dongosololi linayesedwa koposa ndi 11 Sepitembala 2001, pamene zigawenga zinagunditsa ndege pa nsanja za World Trade Center ku New York. Nsanja iliyonse mwa ziwiri za World Trade Center inalandira alamu yachisanu yakeyake, ndipo ozimitsa onse amene anali pa tchuthi anaitanidwa. Ndege yoyamba inagunda nthawi yosinthana shifiti itayandikira, choncho ambiri amene anali oti aweruke anakwera nawo magalimoto. Ena anapita osatumidwa, ena sanaime pa malo odikirira amene anauzidwa. Anachita zimenezi chifukwa cha mtima wofuna kupulumutsa, ndipo palibe angawanyoze. Koma zotsatira zake n'zakuti akuluakulu sankadziwa bwino kuti mkati muli ndani ndipo ali pati. Ozimitsa 343 anafa. Kuyambira pamenepo lamulo loti gulu lisapite lisanatumidwe, ndi loti aliyense wolowa alembedwe, analimanga kolimba. Mndandanda umene umatumiza munthu ndi womwewo umene umathandiza kumufunafuna akasowa.

London amawerenga mapampu

A ku Britain satchula maalamu. London Fire Brigade, imene ili ndi masiteshoni 102 a pamtunda ndi imodzi ya pa mtsinje wa Thames, imayamba ndi chiwerengero chokonzeratu cha mtundu uliwonse wa ngozi, ndipo cholinga chawo n'chakuti galimoto yoyamba izifika m'mphindi 6, yachiwiri m'mphindi 8. Woyang'anira akafuna ena amatchula nambala yeniyeni. Akati "make pumps eight" ndiye kuti magalimoto a pampu akwane 8 onse pamodzi, kuphatikizapo amene alipo kale. Akawonjezera kuti "persons reported" ndiye kuti mkati muli anthu. Njira ya ku New York ili ngati kugula mulu woikiratu pa msika, ya ku London ngati kutchula wekha kuchuluka kwake. Yoyamba imapepuza mutu wa munthu amene ali pa mpanipani, yachiwiri imamulola kupempha zokwanira ndendende. Ku London nakonso nambala ya mapampu ikakwera, udindo wa woyang'anira uyenera kukwera nawo.

Usiku wa pa 14 Juni 2017 unaonetsa pamene dongosolo lotere limathera mphamvu. Nthawi ya 00:54 munthu wa pa nsanjika yachinayi ya Grenfell Tower, nyumba ya nsanjika 24 ku North Kensington, anaimba foni kuti firiji yake yayaka. Magalimoto anayi anatumizidwa, oyamba anafika 00:59. Ozimitsa analowa n'kuzimitsa moto wa m'khitchinimo, koma unali utatulukira kale pawindo n'kugwira zophimba kunja kwa khoma, zimene zinali ndi pulasitiki woyaka mkati mwake. Woyang'anira anapempha mapampu 6 nthawi ya 01:13, kenako 8 nthawi ya 01:19, kenako 10, 15, 20, ndipo pofika 01:31 anali atapempha 25. Itangopitirira 2 koloko oda inafika pa 40. Taonani mipata ya nthawiyo. M'mphindi 18 oda inakwera kuchoka pa 6 kufika pa 25, ndipo moto unali utafika kale pamwamba penipeni pa nyumbayo.

Kuitana kunayenda mwachangu. Chimene chinatsalira ndi china. Munthu amene anali kuyang'anira pa ola loyambalo anali wa udindo woyenera moto wa mapampu ochepa, ndipo akuluakulu oyenera moto wa mapampu 25 anali asanatenge ulamuliro. Galimoto ya makwerero aatali sinali pa mndandanda woyamba, inafika patadutsa mphindi zoposa 30. Koposa zonse, anthu oimba foni ankauzidwabe kuti akhale m'nyumba zawo, malangizo amene amagwira ntchito pokhapokha ngati nyumba ikutsekera moto m'chipinda chimodzi. Malangizowo anasinthidwa 02:47. Kafukufuku wa boma wotsogoleredwa ndi Sir Martin Moore-Bick anapeza kuti ganizo lotulutsa anthu onse linayenera kuchitika pakati pa 01:30 ndi 01:50, masitepe akadali odutsika, ndipo kuti anthu ambiri akanapulumuka. Anapezanso kuti oyang'anirawo sanaphunzitsidwe kuzindikira nthawi yosiya malangizo akalewo. Anthu 72 anafa.

Sindikulemba izi kuti ndiloze chala munthu amene anaima pansi pa nyumbayo usiku umenewo. Anakumana ndi chinthu chimene omanga ndi ogulitsa zophimbazo anamutchera kale. Koma Grenfell imaonetsa malire a oda. Mawu oti "make pumps" amayankha funso loti tibweretse angati. Sayankha funso loti kodi zimene tikuchitazi n'zoyenerabe. Funso lachiwirili limafuna munthu woima patali pang'ono, amene manja ake sali pa payipi ndipo khutu lake silili pa mawailesi atatu, ndipo n'chifukwa chake akuluakulu amalembedwa pa khadi limodzi ndi magalimoto. Pambuyo pa ngoziyo London inasintha mndandanda woyamba wa nyumba zazitali kukhala magalimoto a pampu asanu ndi imodzi ya makwerero aatali.

Kwa inu abale amene mukukhala m'nyumba zosanja ku London, ku New York kapena ku Johannesburg, pali mbali imodzi ya dongosololi imene ili m'manja mwanu. Mzere woyamba umasankhidwa ndi mawu a woimba foni. Wolandira foniyo sakuona kanthu. Mukanena adiresi yonse, kutalika kwa nyumbayo, nsanjika imene ikuyaka, ndi kuti mkati muli anthu, kompyuta imatulutsa mndandanda wina wosiyana ndi umene ikanatulutsa mukanangoti kuno kukununkha utsi. Musaganize kuti wina waimba kale, chifukwa mafoni akachuluka otumiza amadziwa kuti ndi moto weniweni ndipo amawonjezera magalimoto woyamba asanafike. Ndipo pothawa, kokani chitseko chitsekeke.

Kutsika kwake

Alamu ikalira siibwezedwa. Moto umene unafika pa yachisanu udzatchedwa wa alamu yachisanu mpaka kalekale. Chimene chimasintha ndi malipoti amene mkulu amapereka pa wailesi pakapita mphindi zingapo zilizonse. Ku New York poyamba amati "doubtful will hold", kutanthauza kuti n'zokayikitsa ngati amene alipowa akwanitse, ndipo otumiza amakonzekeretsa mzere wotsatira. Kenako amati "probably will hold", ndipo pomaliza "under control". Ku London mawu ake ndi amodzi, "stop", kutanthauza kuti musatumizenso ena. Mawuwa sanena kuti moto wazima. Amanena kuti oda yatsekedwa.

Akatero magulu amamasulidwa limodzilimodzi, kawirikawiri oyamba kufika ndi amene atopa kwambiri. Sabwerera pa mndandanda nthawi yomweyo. Ayenera kupinda mapayipi onyowa, kusintha masilinda, kudzaza thanki, kuwerenga zida ndi kuwerengana okhaokha. Gulu limodzi kapena awiri amatsala usiku wonse ndi payipi imodzi, kuthira pamene pakufuka, ofufuza chiyambi cha moto akuyamba ntchito yawo m'phulusa. Galimoto ikakonzeka, mkulu wake amadina batani kudziwitsa ofesi kuti tilipo. Alendo aja a ku Queens amene anagona m'siteshoni ya eni ake ku Bronx amatsuka makapu amene anamwera khofi, n'kukwera galimoto yawo kubwerera kwawo.